Ndalama ya m'manja, ya pafoni kapena ngongole yogamulidwa ndi makina: wamalonda wa ku Lizulu ndi ku Bembeke asankhe iti?

Aliyense amene anaimapo pa Lizulu, pa mphambano ya ku Tsangano kapena pa Bembeke m'mamawa nkhungu isanayere amadziwa kuti malonda a kuno sadikira munthu. Lole yochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe imaima m'mbali mwa msewu wa M1, matumba a mbatata ya kachewere, madengu a matimati ndi milu ya kabichi zimakwezedwa, ndipo dzuwa likamafika pamutu ndalama imodzi yomweyo imakhala itadutsa m'manja mwa anthu asanu. Venda walipira mlimi, mlimi walipira wa ngolo amene watulutsa katundu kudimba, kenako wasiya ina kwa wogulitsa feteleza ndi mankhwala opopera, ndipo yotsalayo wagulira sopo, shuga ndi mafuta ophikira pa golosale, imene mwini wake mawa lake adzapita nayo ndalamayo kukapikula katundu pa boma kapena ku Lilongwe.

Masiku ano anthu onsewa akuuzidwa kuti asiye ndalama ya m'manja, ayambe kulipirana pafoni, chifukwa makampani ali ndi makompyuta ophunzitsidwa kuwerenga kayendedwe ka ndalama za munthu ndi kugamula ngati angabwerekedwe. Luntha la makina limeneli ndi limene ambiri akulitchula kuti AI. Ine maganizo anga ndi akuti palibe njira imodzi yoyenera onse, ndipo chimene chiyenera kutsogolera kusankha ndi funso lakuti katundu wanu amatenga masiku angati kuti asanduke ndalama. Wogulitsa matimati amene mpamba wake umabwerera m'masiku atatu sangatsate njira yofanana ndi mlimi wa kachewere amene amadikira miyezi itatu kapena inayi.

Ndalama ya m'manja

Tiyambe ndi njira imene tonse tinaizolowera, ndipo tisaiderere. Ndalama ya m'manja sifuna netiweki, sifuna batire, siduliridwa kalikonse, ndipo pakunenerera mtengo ili ndi mphamvu imene uthenga wa pafoni ulibe, pakuti mlimi akaona mpukutu wa ndalama patsogolo pake savuta kutsitsako. Pa Lizulu palinso chifukwa china: msewu womwewo ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo alimi ambiri ochokera ku Angonia, mbali ya Mozambique, amalandira kwacha m'manja mosavuta, koma si onse amene ali ndi nambala ya foni yolembetsedwa kuno.

Vuto lake lakula chifukwa cha kugwa kwa kwacha. Ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene ndalama yapepala ya K5,000 inayamba kugwira ntchito mu 2022. Munthu wopita kukaoda katundu wa K2,000,000 amanyamula mapepala 400 a K5,000, ndipo ngati wasonkhanitsa za K1,000 ndi K2,000 pa golosale, amanyamula chikwama chenicheni, chimene aliyense wokwera naye minibasi akhoza kuchiganizira. Vuto lina, limene kale silinkaoneka ngati vuto, ndi lakuti ndalama ya m'manja sisiya mapazi. Mayi amene wagulitsa anyezi zaka 15 osaphonya tsiku la msika, kwa kompyuta ya obwereketsa ndalama amaoneka ngati munthu amene sanachitepo malonda.

Akaunti ya pafoni ya munthu payekha

Airtel Money inayamba kuno mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, patapita zaka zochepa njira yofanana nazo ya M-Pesa itayamba ku Kenya mu 2007. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imagwira ntchito ngakhale pa kafoni ka mabatani, poyimba *211# kapena *444#, popanda bandulo ya intaneti, ndipo masiku ano ndalama imatha kuchoka ku kampani ina kupita ku inzake. Venda wa ku Limbe akhoza kutumiza ndalama kwa womuimira pa Tsangano usiku, katundu n'kukwezedwa m'bandakucha iye asanachoke panyumba. Kwa katundu wosachedwa kuwola, kufulumira kumeneku ndi phindu lenileni.

Koma pali chinthu chimodzi chimene olimbikitsa njirayi sachitchula kawirikawiri, ndipo ndi chimene chimaipundula pa misika yathu. Pa tsiku la msika ndalama imayenda mbali imodzi yokha: mavenda amabwera nayo pafoni, alimi amaifuna m'manja. Ejenti amene wayamba tsiku ndi ndalama yochepa m'kabati amakhala atatha pofika mamawa omwewo, ndipo mlimi amene wauzidwa kuti walipiridwa amayamba kuzungulira tinyumba ta maejenti kufunafuna woti amutapitse. M'nyengo yogula feteleza zimatembenuka, anthu amabwera ndi ndalama m'manja kuti aziike pafoni, ejenti n'kuyankha kuti floti, ndalama ya pa akaunti yake imene amaikira anthu, yamuthera. Chifukwa cha zimenezi, mlimi akakana kulipiridwa pafoni, si umbuli ayi. Iye wawerengera nthawi imene ataye ndi ndalama yotapira imene adulidwe. Mwambo wakuti wotumiza awonjezere yotapira unabadwira pamenepa, ndipo wamalonda aliyense ayenera kuiwerengera mu mtengo wa katundu asanavomere.

Vuto linanso ndi lakuti pa akaunti imodzi yomweyo pamadutsa zonse: ya malonda, ya chipepeso cha maliro, ya fizi ya mwana, ya chopereka cha kutchalitchi, ngakhale ya kubetcha pa mpira imene mnyamata wa pakhomo watumiza pobwereka foni. Mwini wake sadziwa phindu lake lenileni, ndipo kompyuta yowerenga mbiri imeneyi imaona chisokonezo chokhachokha.

Nambala ya bizinesi ndi akaunti ya kubanki

Makampani onse awiri a mafoni amapereka nambala yapadera ya malonda, imene makasitomala amalipirirapo katundu. Kwa mwini golosale, wogulitsa zipangizo za ulimi kapena wa chigayo, njira imeneyi ndi imene ndimaiona kuti ndi yanzeru kuposa zina zonse, chifukwa imalekanitsa ndalama ya ntchito ndi ya pakhomo, ndipo pakutha pa mwezi pamakhala mndandanda wa zolowa umene munthu akhoza kuupempha ndi kuusunga. Musanalembetse, funsani momveka bwino kuti amene amadulidwa ndani pakati pa inu ndi kasitomala, komanso kuti kuchotsa ndalama pa nambalayo kupita kubanki kapena kwa wokupikulitsani kumadya zingati, pakuti mitengo imeneyi imasinthasintha.

Ndalama zikakula, banki imaposa foni. Akaunti ya pafoni ili ndi malire a ndalama zimene ingasunge ndi kutumiza pa tsiku, pamene woda matumba 100 a feteleza kapena mabelo a shuga amafuna kulipira kamodzi. Mabanki athu ali ndi njira zawo za pafoni: National Bank ili ndi Mo626, FDH ili ndi *525#, Standard Bank ili ndi *247#, NBS ili ndi *322#, ndipo kuyambira pamene National Switch, njira yodutsitsira ndalama pakati pa mabanki, inayamba kugwira ntchito mu 2015, kulumikizana kwa mabanki kwakhala kukuphweka. Chikalata cha kubanki chosonyeza zolowa ndi zotuluka chimalemekezedwa ndi obwereketsa onse. Kuipa kwake ndi kwakuti akaunti imadulidwa mwezi ndi mwezi ngakhale malonda ataima, ndipo zinthu zikasokonekera, mwachitsanzo ndalama ikachoka kubanki koma osafika pafoni, munthu wa ku Mlangeni kapena ku Mayani amataya tsiku lathunthu ndi ya thiransipoti kupita pa boma kukadandaula. Wogulitsa pang'onopang'ono sapindula nayo kwenikweni.

Ngongole imene amagamula ndi makina

Apa ndi pamene pakufunika kukhalitsa, chifukwa ndi pamene pali chiyembekezo chachikulu komanso dzenje lakuya. Kagwiridwe kake ka ntchito si ka matsenga. Kampani imatenga mbiri ya anthu ochuluka amene anabwerekapo, ena anabweza ndipo ena sanabweze, n'kuipereka kwa kompyuta kuti ipeze zizindikiro zosiyanitsa magulu awiriwa. Zizindikirozo zimakhala zinthu monga utali wa nthawi imene nambala yakhala ikugwira ntchito, kuchuluka kwa maulendo amene ndalama imalowa, kagulidwe ka mayunitsi, ndi kabwezedwe ka ngongole zam'mbuyo. Inu mukapempha, kompyuta imakufanizirani ndi anthu aja, ndipo m'kanthawi kochepa imagamula kuti mupatsidwe zingati, popanda chikole, popanda mboni, popanda kalata ya amfumu.

Ku Kenya njirayi inayamba mwamphamvu ndi M-Shwari mu 2012, kenako Fuliza mu 2019, imene imalola munthu kumaliza kulipira ngakhale ndalama ya pa akaunti yapelewera, ndipo makampani monga Tala ndi Branch amabwereketsa poyang'ana zimene zili mu foni yamakono ya wopemphayo. Kuno kwathu ambiri tinalawa kachitidwe kameneka pa ngongole ya mayunitsi ya Kutapa ndi Pasavute, ndipo Airtel Money inabweretsanso ngongole ya ndalama yotchedwa Kutchova.

Kuti tione amene ngongole zotere zimamuyenera, tiyerekeze kuti munthu wabwereka K100,000 yoti abweze pakatha masabata awiri ndi K10,000 pamwamba. Mayi wa matimati amene amaoda Lolemba, kugulitsa pofika Lachitatu, n'kuodanso Lachinayi, adzaitembenuza ndalamayo kanayi isanafike nthawi yobweza. Ngati ulendo uliwonse amapeza K8,000, wapeza K32,000, ndipo atachotsa K10,000 ija watsala ndi K22,000 imene sakanaipeza popanda ngongoleyo. Tsopano tengani mlimi wa ku Njolomole amene wagulira feteleza wa kachewere ndalama yomweyo. Pakatha masabata awiri mbatata yake imakhala itangomera kumene, ndipo alibe kobwezera koma kubwereka kwina kapena kugulitsa mbuzi. Akamabwereza ngongole yotere masabata awiri alionse mpaka kukolola pakatha miyezi inayi, amakhala atalipira pafupifupi K80,000 pa K100,000, ndipo pa chaka chathunthu chiwongoladzanja chimenechi chikanafika 260 peresenti. Ngongole imodzi yomweyo yamukweza mayi uja, koma mlimiyu yamufinya ngati katapila.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti makinawa amakonda munthu amene ndalama yake imalowa mofanana sabata ndi sabata, pamene moyo wa ku Dedza ndi ku Ntcheu umatsata nyengo. Mlimi wa soya, mtedza kapena nyemba amalandira ndalama yochuluka pakati pa Epulo ndi Julayi, kenako akaunti yake imakhala chete miyezi yambiri. Kwa ife amene timamudziwa, ameneyu ndi munthu wodalirika amene sanathawepo ngongole; kwa kompyuta yophunzitsidwa ndi mbiri ya anthu a m'tauni, akhoza kuoneka ngati munthu amene bizinesi yake inafa. Makinawo sadziwa kuti matalala anawononga dimba, kapena kuti mlatho unakokoloka ndipo malole sanafike sabata yonse. Ndipo akakukanani, palibe munthu woti mumufotokozere.

Zimene zinachitika ku Kenya zitiphunzitse tisanagwemo. Anthu ambiri analembedwa m'kaundula wa osabweza ngongole chifukwa cha tindalama tochepa, ndipo obwereketsa ena ankaimbira abale ndi anzake a wobwereka, amene nambala zawo anazitenga mu foni yake, pofuna kumuchititsa manyazi. Zinafika poti banki yaikulu ya dzikolo inayamba kupereka ziphaso kwa obwereketsa a pafoni mu 2022. Ku Malawi kuno lamulo la mabungwe osunga mbiri ya ngongole lilipo kuyambira mu 2010, kutanthauza kuti kangongole kamene mwakanyalanyaza lero kakhoza kudzakutsekerani khomo kubanki pamene mukufuna ngongole yogulira galimoto. Tilinso ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la mu 2024, limene MACRA, bungwe la boma loona za mafoni ndi mauthenga, ndiyo ikuyang'anira. Choncho pulogalamu ya ngongole ikapempha kuona mndandanda wa nambala za anzanu, zithunzi ndi mauthenga anu, muli ndi chifukwa chokwanira choikanira, ndipo musanabwereke kwa aliyense fufuzani ngati ali ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi.

Kutenga katundu pa ngongole m'malo mwa ndalama

Pali njira ina imene ndimaiona kuti ikugwirizana bwino ndi malonda ang'onoang'ono: wokupikulitsani akupatseni katundu, mulipire mukagulitsa. Ku Kenya kampani ya Twiga Foods, imene inayamba mu 2014, inkagula nthochi ndi ndiwo zamasamba kwa alimi n'kumaperekera kwa ogulitsa a m'misika amene ankaitanitsa pafoni, ndipo kenako inayesa limodzi ndi kampani ya makompyuta ya IBM kubwereketsa ogulitsawo potengera mbiri ya maoda awo. Nzeru yake ndi yomveka: mbiri ya katundu amene munthu amaoda imanena zoona za bizinesi yake kuposa kagulidwe ka mayunitsi, ndipo ngongole ya katundu singathere ku maliro kapena ku mowa. Makompyuta omwewo amathandizanso kulosera kuti sabata yamawa kudzafunika matumba angati, kuti katundu asawolere m'nyumba yosungira.

Komabe makampani otere avutika kwambiri. Twiga inachotsa antchito ambiri mu 2023, kampani ina yoperekera katundu ya Copia inagwa mu 2024, ndipo inzake ya Wasoko inaphatikizana ndi MaxAB ya ku Egypt m'chaka chomwecho. Chifukwa chake aliyense amene anayendapo pa msewu wa ku Tsangano nthawi ya dzinja akhoza kuchimvetsa: kompyuta ikhoza kuwerengera bwino lomwe, koma thumba liyenera kunyamulidwa ndi galimoto imene imafuna dizilo, matayala ndi msewu, pamene phindu la pa sopo ndi shuga ndi lochepa kwambiri. Ku dera lathu chimene chikugwira ntchito ndi chofanana nacho koma chopangidwa ndi anthu okha: oda imatumizidwa pa WhatsApp, dalaivala wodziwika amabweretsa katundu, ndipo malipiro amapita pafoni. Mwini golosale amene walipira wopikulitsa mmodzi mokhulupirika kwa chaka, ndi mauthenga onse ali nawo, ali ndi poyambira popempha kuti azipatsidwa masiku 7 kapena 14 asanalipire, ndipo nthawi zambiri ngongole imeneyi siikhala ndi chiwongoladzanja. Choopsa chake ndi kumangika kwa munthu mmodzi, amene akhoza kukweza mitengo podziwa kuti simungachoke.

Banki m'khonde ndi SACCO

Kwa mlimi uja amene makina samumvetsa, banki m'khonde ikadali malo abwino koposa. Anzake a m'gulu amadziwa dimba lake, amadziwa kuti adzakumba liti, ndipo akhoza kumudikira mvula ikamulakwira. Chiwongoladzanja chake si chochepa, koma chimabwerera kwa mamembala pa nthawi yogawana kumapeto kwa chaka. Kufooka kwake ndi kwakuti onse amafuna kubwereka nthawi imodzi, pamene feteleza akufunika, ndipo ndalama yosungidwa m'bokosi panyumba ya msungichuma imakopa akuba. Magulu amene amasunga ndalama zawo pa akaunti ya gulu, imene siingatapidwe ndi munthu mmodzi yekha, achepetsa vuto lachiwirili, ndipo ayamba kupanga mbiri imene banki kapena SACCO, bungwe limene mamembala ake amasungitsako ndi kubwerekako ndalama, ikhoza kuiona. Wofuna ngongole ya miyezi 6 kapena chaka, yogulira pampu yothirira kapena firiji, ayang'ane ku SACCO, kumene masheya ake ndiwo amakula n'kukhala chikole. Za katapila sindinenapo zambiri, pakuti amene anataya njinga kapena malata a nyumba chifukwa cha iye alipo m'mudzi uliwonse.

Akuba a pafoni

Njira iliyonse ya pafoni imabwera ndi akathyali ake. Makampani amagwiritsa ntchito luntha la makina lomweli pozindikira kayendedwe kachilendo ka ndalama, koma silingakutetezeni ngati mwapereka nokha nambala yanu ya chinsinsi. Msampha umene umakola amalonda kwambiri ndi uthenga wabodza wooneka ngati wa kampani, wonena kuti ndalama yalowa, pamene lole ili kale ndi injini yoyaka ndipo dalaivala akufulumizitsa. Katundu asakwere mpaka mutayimba nokha n'kuona kuti ndalama ya pa akaunti yanu yakweradi. Wina akaimba kuti watumiza molakwitsa ndipo mum'bwezere, muuzeni aimbire kampani, chifukwa ndiyo ili ndi njira yobwezera ndalama yosochera.

Mukaika zonsezi pamodzi, muona kuti venda wa matimati ndi kabichi amayenera kuyenda ndi ndalama yake pafoni, kutapa gawo la alimi dzulo lake pa boma kumene maejenti ali ndi ndalama yokwanira, ndi kugwiritsa ntchito ngongole ya makina pokhapokha katundu ali pamaso pake ndipo msika wake ukudziwika. Mwini golosale apindula ndi nambala ya bizinesi yolumikizidwa kubanki pamodzi ndi ngongole ya katundu, pamene mlimi ayenera kulandira pafoni zimene angathe kuti mbiri yake iyambe kuoneka, koma mpamba wa ulimi autenge kumene amadziwa nyengo.

Pali chinthu chomaliza chimene chimakhudza makamaka amayi, amene ndiwo ochuluka pa misika yonseyi. Pamene kulembetsa nambala za foni pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika kunayamba mu 2018, amayi ambiri analembetsa m'dzina la amuna awo, la mwana kapena la mlongo wawo, ndipo mpaka lero akuchitira malonda pa nambala zimenezo. Mbiri yonse imene akuipanga ndi thukuta lawo ikulembedwa m'dzina la munthu wina, amene akhoza kubwerekera ngongole pa iyo, ndipo banja likasokonekera kapena mwini dzina akamwalira, mayiyo sangakatenge nambalayo ikatayika, kapena kutapa ndalama yotsalamo popanda kuvutika ndi makalata. Ngati zili choncho kwa inu, tengani chiphaso chanu, mupite ku ofesi ya kampani ya foni pa boma la Dedza kapena la Ntcheu pamodzi ndi mwini dzinalo, mukapemphe kuti umwini usinthidwe, kapena mutsegule nambala yatsopano m'dzina lanu nyengo yokolola isanafike.